Kwa malume a mnyamata wa ku Domwe: ng'ombezo zikhale m'khola

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo vidiyo ya mphwanuyo imene yazungulira pa Facebook sabata yonseyi ndaioneranso. Mwati mnyamatayu ali ndi zaka 16, wamwetsa zigoli zambiri pa mpikisano wa m'midzi ku Domwe, masamba a zamasewero ayamba kumutchula kuti Geny watsopano, pomufanizira ndi Geny Catamo, katswiri wa ku Mozambique amene anatchuka ku Sporting ya ku Portugal, ndiye kwabwera bambo wina wochokera ku Tete amene akuti amupititsa ku Portugal mukapereka ma meticais 80,000 a pasipoti, viza ndi tikiti. Mukufunsa ngati kuli bwino kugulitsa ng'ombe ziwiri za alongo anu, poti ana amsinkhu wake akugulidwa mamiliyoni ku Ulaya. Ine ndikuti musagulitse. Ndine mphunzitsi kuno ku Ulongwe, ndipo masana ndikaweruka ndimaphunzitsa anyamata mpira. Ndachita zimenezi zaka zambiri, moti nkhani ngati yanuyi si yachilendo kwa ine.

Mnyamatayo ali ndi mwendo, zimenezo sindikutsutsa. Chigoli chachiwiri chija, mmene anaimitsira mpira pachifuwa n'kutembenuka, si aliyense angatero pa bwalo la mabampu ngati lija. Koma vidiyoyo ndi ya mphindi imodzi. Sikusonyeza zimene amachita timu yake ikaluza mpira, sikusonyeza ngati mpweya umamukwanira mphindi 90, sikusonyezanso mmene amasewerera akakumana ndi wotchinga kumbuyo wamkulu thupi amene wadya mpira wa Moçambola, ligi yaikulu ya ku Mozambique, zaka zisanu. Amene analemba kuti Geny watsopano sanafike ku Domwe n'komwe. Iye akufuna kuti anthu adine, agawane, tsamba lake likule. Mawa apeza mwana wina ku Moatize kapena ku Furancungo, amupatsa dzina lomwelo.

Poti atchula Geny Catamo, tiyeni tione njira imene iyeyo anadzera. Anabadwa mu 2001, anakulira mu timu ya Black Bulls ku Maputo, ndipo ku Portugal sanafikire pa bwalo lalikulu la Sporting ayi. Anadzera ku Amora, timu yaing'ono imene ambiri a ife tinali tisanaimvepo. Atalowa ku Sporting anasewera kaye mu timu ya achinyamata ndi timu B, kenako anamubwereketsa ku Vitória de Guimarães, n'kudzamubwereketsanso ku Marítimo, imene inatuluka mu ligi yaikulu mu 2023 iye ali komweko. Zigoli ziwiri zija zimene anamwetsa Benfica mu Epulo 2024, zimene tinakuwa nazo m'mabaraka usiku uja, anagoletsa ali ndi zaka 23. Pakati pa zaka 16 ndi 23 pali zaka zisanu ndi ziwiri za kukhala pa benchi, kuzizidwa, kusowa kwawo ndi kuyambiranso. Zaka zimenezo masamba aja sazilemba.

Reinildo Mandava ndiye anachedwa kuposa pamenepo. Mwana wa ku Beira, wobadwa mu 1994, anasewera kaye kuno kwathu ku Ferroviário da Beira ndi ku Liga Desportiva de Maputo. Ku Portugal anadzera ku Benfica B, ku Fafe, ku Covilhã ndi ku Belenenses asanapite ku Lille mu 2019, kumene anatenga nawo ligi ya ku France mu 2021. Atlético de Madrid inamugula mu Januwale 2022 pa mtengo wa mayuro pafupifupi 3 miliyoni. M'chipinda chovalira momwemo anapezamo João Félix, amene timu yomweyo inamugula ku Benfica mu 2019 pa mayuro 126 miliyoni ali ndi zaka 19. Mu Januwale 2023 Félix anabwereketsedwa ku Chelsea, kenako ku Barcelona, ndipo mu 2025 anapita ku Al-Nassr ku Saudi Arabia. Reinildo anakhalabe ku Atlético mpaka 2025, n'kupita ku Sunderland ali ndi zaka 31, kukhala munthu woyamba wa ku Mozambique kusewera mu Premier League. Sindikunyoza Félix, ndi katswiri, ndipo ndalama wapeza. Ndikungofuna muone kuti mtengo umene analengeza uja sunanene zoona za amene adzakhalitse.

Mamiliyoni amene mukuwamva pa wailesiwo, achimwene, si ndalama za mwana kapena za makolo ake. Ndi ndalama zimene timu imodzi imalipira timu inzake kuti imasule kontirakiti ya wosewera. Wosewerayo amadya malipiro ake a pamwezi ndi kangachepe ka posaina, basi. Ngakhale nambala imene amalengezayo nthawi zambiri imakhala yotupa. Amaphatikizamo ndalama zimene zidzaperekedwe pokhapokha mnyamatayo akasewera magemu akutiakuti kapena timu ikatenga chikho, ndipo zotsalazo amalipira pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Palinso nambala ina imene imasokoneza anthu kwambiri, ya mtengo wothyolera kontirakiti. Mukamva kuti Lamine Yamal wa ku Barcelona ali pa mayuro 1 biliyoni, palibe amene wapereka ndalama imeneyo. Ndi mpanda umene timu yamanga kuti ena asamuyandikire. Matimu akuluakulu amagula ana pa mitengo yokwera chifukwa akuchita malonda: akagula khumi, mmodzi akaphulika n'kugulitsidwa, wabweza ndalama za onsewo. Asanu ndi anayi otsalawo sitimvanso za iwo.

Amene ali ndi zaka ngati zanga akukumbukira Freddy Adu, mwana wobadwira ku Ghana amene anakulira ku America. Mu 2004 anayamba kusewera mu timu ya akuluakulu ya D.C. United ali ndi zaka 14, manyuzipepala akumutchula kuti Pelé watsopano, makampani akumulimbirana. Mu 2007 Benfica inamugula, koma anasewerako magemu owerengeka. Kuchoka apo anangoyendayenda, ku France, ku Greece, ku Turkey, ku Brazil, ku Serbia, ku Finland. Ameneyo anali ndi madokotala, maloya ndi mabwalo a udzu wosalala, komabe dzina limene anamusenzetsa linamulemera. Nanga mwana wa ku Domwe amene nsapato za mpira amachita kubwerekana ndi mnzake?

Tsopano za bambo akubwerawo. Malamulo a FIFA, pa ndime 19 ya malamulo osamutsira osewera, amaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kuchoka dziko lina kupita dziko lina kukasewera mpira. Pali mipata yochepa, monga ngati makolo asamukira dzikolo pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira, koma mphwanuyo sakulowa m'mipata imeneyo. Lamuloli si lamasewera. Barcelona inaletsedwa kugula osewera mu 2014 chifukwa cha ana, Real Madrid ndi Atlético zinalangidwa mu 2016, Chelsea mu 2019. Endrick wa ku Brazil, Real Madrid inagwirizana ndi Palmeiras mu Disembala 2022 iye ali ndi zaka 16, koma anadikira kwawo mpaka Julaye 2024 atakwanitsa 18. Ngati Real Madrid ndi ndalama zake zonse inadikira, munthu wofika pa njinga yamoto ndi mapepala m'chikwama adutsa bwanji? Ndipo timu imene ikufunadi wosewera imatumiza kalata ku timu yake ya kuno, imalipira yokha tikiti, malo ogona ndi chakudya. Wogula ndiye amatulutsa ndalama. Mukaona wogula akupempha ndalama kwa mwini katundu, dziwani kuti chimene akufuna si katunduyo.

Ndikulankhula chonchi chifukwa zinandichitikira. Zaka zapitazo ndinali ndi mnyamata wosewera kumanzere, wa mbali ya ku Tsangano, waluso kuposa onse amene ndawaphunzitsapo. Kunabwera munthu wovala bwino, wolankhula Chipwitikizi chosalala, ali ndi zithunzi mu foni zimene anajambulitsa ndi osewera otchuka. Bambo a mnyamatayo anagulitsa ng'ombe za pangolo ndi mbatata yonse ya chaka chimenecho. Ine ndinali ndi chikayiko koma ndinakhala chete, poopa kuti anganene kuti ndikuchitira nsanje mwana wa eni. Mwanayo anafika ku Maputo, anamusiya m'nyumba ina pamodzi ndi anyamata ena akuti akudikira viza. Patapita masabata foni ya munthu uja inasiya kulira. Tinachita kusonkherana ndalama ya basi ku tchalitchi kuti abwere. Sukulu anali atasiya, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mpira anausiyiratu chifukwa cha manyazi. Anthu amene ankamuimbira m'manja ndi omwewo amene ankamufunsa pamsika kuti ku Ulaya wabwerako liti. Kukhala chete kwanga kuja ndimakudandaula, n'chifukwa chake lero ndalemba zambiri chonchi.

Wina mu ndemanga wanena kuti Eusébio, katswiri wakale wa Benfica wobadwira kuno ku Mozambique, naye anachita kutengedwa ali mnyamata. N'zoona, anachoka ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, mu Disembala 1960, koma anali ndi zaka 18, anali akusewera kale mu timu yodziwika ya mumzindawo, ndipo inali Benfica yeniyeni imene inamufuna, mpaka kukanganirana ndi Sporting. Inali nthawi ya atsamunda, malamulo anali ena.

Chimene ndingachite ine mwanayo akanakhala wa mlongo wanga ndi ichi. Ndikanaonetsetsa kuti walembetsedwa mu timu imene ili m'kaundula wa bungwe la mpira la chigawo chathu, pansi pa Federação Moçambicana de Futebol, ndi dzina lake lenileni komanso zaka zake zenizeni monga zilili pa BI, chiphaso cha unzika. Anthu amaona ngati kulembetsa ndi nkhani ya mapepala chabe, koma pamenepo ndi pamene pagona ndalama zimene zingafikedi kuno. Wosewera akagulitsidwa kunja kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya mtengowo imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Kuyambira chaka chimene akwanitsa 16, chaka chilichonse chimabweretsa theka la peresenti imodzi. Atagulidwa pa mayuro 1 miliyoni, timu imene inamusunga chaka chimodzi chokha ilandira mayuro 5,000, omwe ndi ma meticais oposa 300,000, ndipo ilandiranso ulendo wina akadzagulitsidwa m'njira yomweyo. Koma ngati dzina lake silinalembedwe paliponse, ndalamayo ilibe kolowera. Ana athu ambiri a ku Angónia kuno amasewera mipikisano ya mbuzi ndi ya mayunifomu mpaka kukula, m'mabuku a mpira mulibe dzina lawo.

Pa nkhani ya zaka ndikupemphani mwapadera. Adzabwera ena n'kunena kuti timudule zaka ziwiri kuti aoneke mwana. Musalole. M'mipikisano ya osakwana zaka 17 amaunika mafupa a padzanja ndi makina a MRI, ndipo mwana akagwidwa, manyazi amagwera iyeyo, osati amene anakonza pepala.

Njira yochokera ku Domwe ilipo, ndipo siyambira pa bwalo la ndege. Chigawo chathu chomwechino chili ndi União Desportiva do Songo, imene inatenga Moçambola mu 2017, mu 2018 ndi mu 2022, n'kukaseweranso mipikisano ya CAF, bungwe la mpira la mu Africa. Mumzinda wa Tete muli Chingale. Mnyamata amene walimba pa mpikisano wa boma, n'kulimbanso pa wa chigawo, maso a matimu amenewa amamupeza, ndipo akafika pamenepo oona osewera enieni amabwera okha. Kutsidya kwa malire nakonso n'chimodzimodzi. Gabadinho Mhango, amene chigoli chake chakutali chomwetsa Morocco mu Januwale 2022 tonse tinachionera, anayamba wadziwika kaye ku Big Bullets ku Blantyre asanapite ku Bloemfontein Celtic mu 2013. Sukulu asasiye. Bondo limathyoka pa sekondi imodzi, ndipo ngakhale amene zawayendera amafunika kudziwa kuwerenga kontirakiti asanasaine. Mudziwenso kuti mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kusaina kontirakiti yopitirira zaka zitatu, ndiye wina akakubweretserani pepala la zaka zisanu kapena khumi, musaike chala.

Bambo ajawo akabweranso, alandireni bwino, apatseni mpando, koma muwafunse zinthu zitatu pamaso pa alongo anu ndi a mfumu. Akuonetseni laisensi yawo ya FIFA yogulitsira osewera, poti maina a amene ali nayo amapezeka pa intaneti ndipo tingathe kufufuza. Atchule dzina la timu ya ku Portugal imene ikumufuna mnyamatayo, ndi kalata yochokera ku timuyo yokhala ndi nambala imene tingaimbe tokha. Afotokozenso kuti lamulo la zaka 18 alidumpha bwanji. Zimene ayankhe mudzazilembe pano kuti tonse tione.

Mphwanuyo musamukalipire, ndipo musamuseke. Iye walota zimene mwana aliyense wogwira mpira amalota, ndipo anthu akuluakulu ndi amene amuuza kuti zatheka kale. Mukhale naye pansi, mumuonetse zaka zimene Geny ndi Reinildo anadutsamo, mumuuze kuti inuyo mukufuna akafike. Timu yathu imachita masewera olimbitsa thupi Lachiwiri ndi Lachinayi masana, ndipo Loweruka timasewera. Mukatha, mukwere naye chapa mubwere ku Ulongwe Loweruka likubwerali ndi BI yake, asewere ndi anyamata anga a zaka 18 mphindi zonse 90, inu muli pompo mukuonera. Mundilembere ku inbox ndikuuzeni bwalo ndi nthawi.