Abwana akuti ndikazinge chambo chovunda, nditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene amaphika pa loji ina cha ku Makawa, m'boma la Mangochi. Dzina ndabisa. Akuti magetsi anazima usiku wonse mpaka masana, jenereta ilibe dizilo, chambo cha m'firiji n'kuyamba kafungo. Abwana ake anamuuza kuti achitsuke ndi mandimu, athire adyo ndi tsabola wambiri, akazinge. Atawiringula anamuyankha kuti, "Pageti pali anthu ambiri ofuna ntchito." Ndiye akufunsa: aphike, kapena akane n'kuchotsedwa ntchito?

Achemwali, musaphike.

Inu ndi ine takulira kunyanja, nsomba timaidziwa. Ya bwinobwino maso amakhala owala, mnofu ukaudina ndi chala umabwerera. Maso akachita mbuu, chala n'kusiya kadzenje, mimba n'kufewa, nsombayo yatha. Mandimu amangophimba fungo. Ndipo musadalire mafuta otentha: tizilombo tina timasiya poizoni amene safa ndi moto. N'chimodzimodzi mpunga wogona pa mphika umene ena amangoutenthetsa m'mawa. Chakudya chophika chisapitirire maola 2 chili poyera, ndipo firiji izikhala pansi pa madigiri 5. Nanga ndi dzuwa la kuno mu Okutobala, firiji yozima si bokosi wamba?

Tsono kukana kuli ndi nzeru zake. Musakalipirane ndi abwana pamaso pa mawetala, munthu wamkulu akachita manyazi amauma khosi. Apezeni ali okha, mulankhule za ndalama, poti ndi chinenero chimene amamva msanga. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Nsomba yovunda siibweretsa kolera ayi, koma mlendo akangotsegula m'mimba atadya kwanuko, mawu oyamba pa WhatsApp akhala omwewo, ndi dzina la loji pamwamba. Afunseni mwaulemu kuti, "Bwana, chodula n'chiti, chambo 20 kapena alendo a Khirisimasi?" Muwapatsenso njira: lero alendo adye nkhuku yophedwa kumene, kapena wina athamangire kudoko.

Akakakamirabe, alembereni uthenga pa foni wonena kuti nsombayo yavunda ndipo simuiphika. Uthengawo musaufufute. Mnzanu mmodzi wa kukhitchini aione ndi maso ake. Ndikunena izi chifukwa mlendo akadwala, abwana omwewo adzaloza inu, kuti wophika ndiye anayenera kudziwa. Ndinaziona ndili wetala pa lesitilanti ina kutauni: bambo wina wophika anachoka atanyamula kachikwama kake, amene anamulamula akumwa tiyi mkati.

Sindikunamizani kuti ntchito yanu ndi yotetezeka. Angakuchotseni ndithu. Koma lamulo la Employment Act la 2000 limati pochotsa munthu ntchito pakhale chifukwa chomveka, ndiponso apatsidwe mwayi wodziyankhira. Muyambire ku ofesi ya zantchito pa boma, zikakanika kuli khoti la Industrial Relations. Za chakudyacho, auzeni a zaumoyo a kukhonsolo, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Mwalembanso kuti abwana anati akudulani malipiro pa nsomba zotayidwazo. Magetsi simunazimitse ndinu, dizilo simugula ndinu. Akadula, sungani kapepala ka malipiro ka mwezi umenewo, mukapite nako pamodzi ndi uthenga uja.