Frankl sanalembe kuti tizidzudzulira olira

Mayi wina wandilembera kuti mchimwene wake, chichotsedwereni ntchito, sakudya, sakugona, ndipo akuti sakuonanso chifukwa chokhalira ndi moyo. Akufunsa ngati kungathandize kumugulira buku la Viktor Frankl lotchedwa Man's Search for Meaning, lofotokoza zimene anakumana nazo m'ndende za a Nazi a ku Germany.

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa ine bukulo ndinalilandira pamaliro a mayi anga. Anandipatsa ndi amalume tili pakhonde, anthu akupinda mikeka kuti azipita, nsima itazizira m'mbale. Anati, "Werenga, uone anthu amene anavutika zenizeni." Cholinga chawo chinali chabwino, koma chimene ndinamva n'chakuti chisoni changa n'chachibwana. Kwa miyezi ndinkalira mobisa ngati ndaba.

Anthu amangodziwa za Frankl wa ku Auschwitz, ndende yomwe a Nazi ankapherako Ayuda, amaiwala kuti anali dokotala wa matenda a maganizo ndi a mitsempha. Anabadwira ku Vienna, m'dziko la Austria, mu 1905. Akadali pasukulu ya udokotala anayambitsa malo oti achinyamata azilandira uphungu mwaulere, makamaka nyengo yotulutsa zotsatira za mayeso pomwe ena ankadzipha. Kuchokera 1933 mpaka 1937 ankasamalira amayi ofuna kudzipha pachipatala cha Steinhof. Atapeza chilolezo chothawira ku America, anachisiya kuti asasiye makolo ake. Mu 1942 a Nazi anatenga iye, mkazi wake ndi makolo ake, poti anali Ayuda, kupita nawo ku ndende ya Theresienstadt. Bambo ake anafera komweko, mayi ake ku Auschwitz, mkazi wake Tilly ku ndende ya Bergen-Belsen. Bukulo linatuluka mu 1946, ndipo chaka chomwecho anabwerera kukaona odwala ku Vienna Polyclinic.

Munthu wotereyu sangauze wodwala kuti "limba mtima, ena anaona zoopsa kuposa iwe." Njira yake, logotherapy, inkati munthu amafunikira chimene akukhalira moyo: ntchito yoti amalize, munthu womukonda, kapena kaimidwe kake pa vuto lomwe sangalisinthe. Koma Frankl ananena poyera kuti vuto lotheka kulichotsa lichotsedwe. Ife timakonda mbali yopirira yokha, chifukwa imatimasula ku udindo womvetsera. Ndimaziona m'mipingo, m'maliro, ngakhale pa Facebook, anthu kuponyerana mawu olimbikitsa osafunsa n'komwe ngati mnzawo wadya. Mwamuna akachotsedwa ntchito timamuuza kuti "ndiwe bambo", basi nkhani yatha. Izi ndimadana nazo.

Za mchimwene wanuyo

Bukulo lidikire kaye. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, funsolo silimuika maganizo amenewo m'mutu. Asamakhale yekha, ndipo tameki ndi mankhwala ena akumunda muwachotse pakhomo. Sabata ino mupite naye kuchipatala cha boma m'dera lanu, mukafunse wa matenda a maganizo. Mukamufotokozere kuti sakudya, sakugona, ndi mawu enieni amene iye ananena.