Bambo akumva, koma mawu sakutuluka

Achemwali a kwa Ulongwe, pepani kwambiri. Mwati chigwereni bambo anu kudimba, dzanja ndi mwendo wakumanja zafooka, mawu sakutuluka, koma mukawayankhula akumva, ndipo mukufunsa ngati mutu wawo wasokonekera. Zomwezi zinawachitikira mayi anga ku Domwe.

Ngati simunapite nawo kuchipatala, pezani galimoto lero lomwe. Zizindikirozi ndi za sitiroko: mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo pamene magazi sakufikapo pamawonongeka msanga.

Ubongo uli ndi zigawo, chilichonse ndi ntchito yake. Mitsempha yoyendetsa thupi imapingasana pamene ubongo ukulumikizana ndi msana, choncho mbali yakumanzere ndiyo imalamulira thupi lakumanja. Mwa anthu ambiri chilankhulo chimakhalanso kumanzere komweko, n'chifukwa chake dzanja lamanja ndi mawu zimapitira limodzi. Mu 1861 dokotala wa ku France, Paul Broca, anaona wodwala amene ankangoti "tan" basi, koma zonena anthu ankazimva. Atamwalira, anamupeza ndi chilonda kutsogolo kwa ubongo, chakumanzere. Mu 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anafotokoza chigawo china cham'mbuyo pang'ono, chapafupi ndi khutu. Chimenechi chikawonongeka munthu amayankhula mosadodoma koma zopanda mutu, ndipo zonena anzake sazimvetsa. Otere kumudzi timafulumira kuwatcha amisala, zomwe zimandipweteka mtima.

Momwe mwafotokozeramu, bambo anu nzeru zilipo. Mayi anga ankandiyang'ana, milomo ikunjenjemera, dzina langa osatuluka, misozi mbwembwembwe. Koma amayi a kutchalitchi atabwera kudzawaona n'kuyambitsa nyimbo, mayi angawo anayimba nawo ndime yonse. Tsono musamakambirane za bambo anu pamaso pawo ngati palibe. Afunseni zoti ayankhe ndi mutu, muwapatse nthawi.

China chimene ambiri sachidziwa: kuseri kwa chigawo choyendetsa thupi kuli chigawo chomvera kukhudza ndi kutentha, ndipo kawirikawiri zimavulalira limodzi. Dzanja lofookalo mwina silimva moto. Ndi kuzizira kwa ku Angónia kuno, musawasiye okha pambaula. Phala muziwapatsa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa kumeza kumavutanso ndipo angatsamwe. Kuchipatalako muwauze awayeze BP ndi shuga, akuonetseninso momwe muziwongolera dzanjalo ndi mwendowo tsiku ndi tsiku.