Zoti mabungwe oyendetsa intaneti amalimbirana chiyani

Achimwene, mwafunsa chomwe mabungwe oyendetsa intaneti amakanganirana, komanso ngati ife kuno ku Zomba tili ndi mawu pankhaniyi. Mkangano wonse wagona pa funso loti amene amavota ndi ndani.

Ku ITU, nthambi ya United Nations, amavota ndi maboma okha. Ku ICANN, komwe kumasungidwa kaundula wamkulu wa mayina a pa intaneti ngati .mw ya Malawi, maboma amangolangiza kudzera m'komiti ya GAC, pomwe makampani, akatswiri ndi anthu wamba nawonso amayankhula. Mu 2012 ku Dubai zinafika povuta: mayiko 89 anasaina pangano la ITU, 55 sanasaine, ambiri poopa kuti maboma alanda chiwongolero cha intaneti. Nayo IGF, yomwe inayamba mu 2006 ku Athens, ndi bwalo lokambirana basi, silikakamiza aliyense.

Chotipweteka ife chili ku AFRINIC, ku Mauritius, yomwe imagawa mu Africa manambala a IP, omwe ndi ma adilesi a zipangizo zolumikizidwa pa intaneti. Milandu yake ndi kampani ya Cloud Innovation inakula mu 2021, bodi inatha, khoti linaika woyang'anira mu 2023, kenako chisankho cha June 2025 chinathetsedwa chifukwa cha madandaulo okhudza makalata opatsa munthu wina mphamvu yovota m'malo mwa membala. Apa ndipo pamaonongekera zinthu: membala akangosainira mlendo kalata yotero, voti yapita. Pamene akuluakulu ankakokanakokana, kampani yaing'ono yofuna kufikitsa intaneti ku Chinamwali kapena ku Matawale inkayenera kudikira manambala.

Ku AFRINIC amavota ndi mabungwe olipira umembala. Inuyo panokha lowani kudzera ku AFRALO, nthambi ya ogwiritsa ntchito intaneti a mu Africa ku ICANN, kumeneko salipiritsa.