Funsani Tikuyankheni: Za Tchaja, Mafunde a Wailesi ndi Ulendo wa Mawu pa Foni

FUNSO: Pa tchaja ya foni yanga palembedwa 5V ndi 2A, pamene pa batire palembedwa 3.7V ndi 4000mAh. Kodi zilembo zimenezi zikutanthauzanji, ndipo kodi foni ingapse ndikagwiritsa ntchito tchaja ya ma amp ambiri kuposa imene inabwera ndi foniyo?

YANKHO: Magetsi ndi kuyenda kwa tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa ma electron mkati mwa waya, ndipo zilembo mwationetsazo ndi miyeso ya kayendedwe kameneka. Ganizirani za madzi oyenda m'paipi. Mphamvu imene ikukankha madziwo ikufanana ndi ma volt, amene chilembo chake ndi V; kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi iliyonse kukufanana ndi ma amp, amene chilembo chake ndi A; ndipo kupapatiza kwa paipi, kumene kumabweza madzi kuti asadutse ambiri, kukufanana ndi chimene chimayezedwa ndi ma ohm. Georg Ohm wa ku Germany ndiye anafotokoza mu 1827 mmene zitatuzi zimadalirana: mukawonjezera ma volt, ma amp nawonso amakwera, koma mukawonjezera ma ohm, ma amp amatsika. Mukachulukitsa ma volt ndi ma amp mumapeza ma watt, choncho tchaja yanu ya 5V ndi 2A ingathe kupereka ma watt 10.

Nambala ya mAh imasonyeza kuchuluka kwa magetsi amene batire lingasunge. Batire la 4000mAh likhoza kupereka ma amp 4 kwa ola limodzi, kapena gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi amenewo kwa maola pafupifupi 10.

Pa nkhani ya kupsa, musade nkhawa ndi ma amp. Nambala imene ili pa tchaja ndi malire a zimene ingapereke, ndipo foni imangotenga zimene ikufuna. Chofunika kusamala nacho ndi ma volt, chifukwa chipangizo cha 5V chikalandira 12V mwachindunji chimawonongeka. Matchaja othamanga amakono amayamba ndi 5V, kenaka amakwera kufika pa 9V kapena kuposerapo pokhapokha foniyo ikavomereza. Chimene ife timaopa kwambiri ndi matchaja achinyengo, amene mkati mwake mulibe mpata wokwanira wolekanitsa magetsi a m'nyumba, omwe m'mayiko ambiri ndi 230V, ndi mbali imene imakhudza foni ndiponso dzanja lanu. Tchaja yotentha kwambiri moti simungaigwire, kapena yonunkha pulasitiki wopserera, muisiyiretu.

FUNSO: Ndimadabwa kuti mawu anga amafika bwanji kwa munthu amene ali kutsidya kwa nyanja yamchere, pamene palibe waya wolumikiza foni yanga ndi yake. Kodi amadutsa pa setilaiti?

YANKHO: Ambiri amaganiza choncho, koma nthawi zambiri setilaiti silowererapo n'komwe, ndipo mbali ya ulendowo imene ilibe waya ndi yaifupi kwambiri. Komanso chimene chimayenda si mawu enieniwo ayi, koma manambala oimira mawuwo.

Mukamalankhula, mpweya umanjenjemera, ndipo maikolofoni ya m'foni imasandutsa kunjenjemerako kukhala magetsi okwera ndi kutsika. Foni imayeza magetsiwo mobwerezabwereza, ka 8,000 pa sekondi imodzi m'malamya wamba, n'kulemba muyeso uliwonse ngati nambala yopangidwa ndi 0 ndi 1 basi. Ubwino wa njira imeneyi ndi waukulu zedi. Mawu otumizidwa mwachindunji amatola phokoso m'njira, ndipo phokosolo limakulira limodzi ndi mawuwo nthawi iliyonse akawonjezeredwa mphamvu, pamene chipangizo cholandira manambala chimangofunika kusiyanitsa 0 ndi 1, kenaka n'kuwatumiza patsogolo ali oyera monga mmene analili poyamba.

Manambalawo amakwera pa mafunde a wailesi. James Clerk Maxwell anasonyeza mwa masamu m'zaka za m'ma 1860 kuti mafunde oterewa ayenera kukhalapo, ndipo Heinrich Hertz anawapanga ndi kuwayeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1880. N'chifukwa chake muyeso wa kubwereza kwa mafunde pa sekondi umatchedwa hertz. Mafunde amenewa amathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Foni ya GSM, mtundu umene unayamba kugwira ntchito ku Finland mu 1991, imagwiritsa ntchito kwambiri mafunde a 900MHz ndi 1800MHz, kutanthauza mafunde obwereza ka 900 miliyoni kapena ka 1,800 miliyoni pa sekondi.

Mafundewo amangofika pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi nanu. Dera lonse limagawidwa m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse ndi nsanja yake, ndipo nzeru yake ndi yakuti nsanja ziwiri zotalikirana zingathe kugwiritsa ntchito mafunde amodzimodzi popanda kusokonezana, zimene zimalola anthu mamiliyoni kulankhula nthawi imodzi. Mukakhala pa ulendo, nsanja imodzi imakuperekani kwa inzake inu osazindikira, ndipo kupatsirana kumeneku kukalephereka, m'pamene foni imaduka pakati pa nkhani.

Kuchoka pa nsanja, manambala aja amapita ku makina a kampani ya foni, amene amadziwa kudzera mu SIM khadi kuti woimbayo ndani ndiponso kuti woimbiridwayo angapezeke kuti. Pa mitunda italiitali amayenda ngati kuthwanima kwa kuwala m'zingwe za faiba, zomwe ndi ulusi wa galasi wowonda ngati tsitsi. Charles Kao anasonyeza mu 1966 kuti galasi loyera bwino likhoza kunyamula kuwala mtunda wautali, ndipo ntchito imeneyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2009. Zingwe zoterezi zinayalidwa pansi pa nyanja zikuluzikulu, ndipo ndi zimene zimanyamula pafupifupi mauthenga onse odutsa pakati pa makontinenti. Masetilaiti amene amaoneka ngati aima malo amodzi ali pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera padziko, choncho uthenga umatenga pafupifupi kota ya sekondi kukwera ndi kutsika, ndipo kuchedwa kumeneku kumamveka pokambirana. Amathandiza kwambiri pa kanema ndiponso kumadera kumene zingwe sizinafike.

Tisaiwale kachipangizo kamene kamachititsa zonsezi, kotchedwa transistor, kamene John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley a ku Bell Labs, malo ochitira kafukufuku ku America, anatulukira mu 1947. Ntchito yake ndi yakuti magetsi ochepa azilamulira magetsi ochuluka, motero kamatha kukweza mphamvu ya uthenga wofooka, kapena kutsegula ndi kutseka njira ya magetsi, kumene ndiko kulemba 1 ndi 0. Purosesa (kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta kapena foni) ya Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi ma transistor pafupifupi 2,300, pamene foni yamakono ili ndi mabiliyoni.

FUNSO: N'chifukwa chiyani wailesi ya FM imasiya kumveka ndikapita kutali, pamene usiku ndimatha kumva mawailesi a kumayiko akutali pa AM ndi pa short wave?

YANKHO: Kusiyanaku kumachokera pa mtundu wa mafunde amene wailesi iliyonse imagwiritsa ntchito. Wailesi ya FM imaulutsa pakati pa 87.5MHz ndi 108MHz, ndipo mafunde amenewa amayenda molunjika, kotero kuti phiri kapena kupindika kwa dziko kumawatchinga. N'chifukwa chake nsanja zake zimamangidwa pamalo okwera. Mafunde a short wave, a pakati pa 3MHz ndi 30MHz, akakwera kumwamba amabwezedwa ndi chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere n'kukatera kutali kwambiri. Masana, dzuwa limachititsa kuti mbali ya m'munsi ya chigawo chimenechi izimeza mafunde a AM, koma dzuwa likalowa mbali imeneyo imazimiririka ndipo mafundewo amabwezedwa bwino. Komabe FM imamveka bwino kuposa AM chifukwa imanyamula mawu posintha kubwereza kwa mafunde, pamene AM imasintha kukula kwawo, ndipo mphezi ndi makina a magetsi zimasokoneza kwambiri kukulako.

Mfundo yofananayo ikufotokozanso chifukwa chimene netiweki ya 900MHz imafika patali ndi kulowa bwino m'nyumba kuposa ya mafunde obwereza kwambiri, ndiponso chifukwa chimene Wi-Fi ya 2.4GHz (1GHz ndi 1,000MHz) imadutsa makoma mosavuta kuposa ya 5GHz, ngakhale kuti ya 5GHz imakhala yothamanga mukakhala pafupi ndi rauta, kachipangizo koulutsa Wi-Fi.

FUNSO: Intaneti yanga akuti ndi ya 8Mbps, koma fayilo ya 8MB sitsika m'sekondi imodzi. Kodi akundibera?

YANKHO: Pamenepa palibe kuba. Chilembo chaching'ono b chimaimira bit, amene ndi 0 kapena 1 mmodzi, pamene chachikulu B chimaimira byte, yomwe ndi ma bit 8. Liwiro limayezedwa ndi ma bit, koma kukula kwa fayilo kumayezedwa ndi ma byte, choncho 8Mbps ndi 1MB pa sekondi, ndipo fayilo yanuyo ifunika masekondi osachepera 8. Ikatenga nthawi yoposa pamenepo, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti mukugawana nsanja imodzi ndi anthu ena ambiri, kapena muli kutali ndi nsanjayo, kapena kompyuta imene ikutumiza fayiloyo ndiyo ikuchedwa.