Za Nasheed musandiuze, ine ndinali ku Malé sabata imeneyo

Achimwene, mukuti Nasheed, pulezidenti wakale wa dziko la Maldives, anachoka yekha pampando, ndiye mng'ono wanu apite ku Maldives osaopa kanthu? Ine ndinali konko, ndikuphika pa hotela ina ku Malé, likulu la dzikolo. Pa 7 Febuluwale 2012 apolisi anagalukira boma, iye n'kutula pansi udindo pa TV, mawa lake n'kunena kuti anachita kumukakamiza ndi mfuti. Tsiku la mawa lakelo ndi limene sindiliiwala. Ananditumiza nsomba kumsika, pobwera ndinapezeka pakati pa anthu a chipani chake cha MDP, zachikasu zokhazokha. Kenaka zibonga, utsi wokhetsa misozi, mayi wina ali pansi nsapato imodzi itavuka. Ndinataya jumbo ya nsomba n'kukabisala kuseri kwa firiji m'kashopu ka munthu wosamudziwa, maso akuwotcha ngati andithira tsabola.

Usiku womwewo ndinapempha pasipoti yanga. Bwana wa pahotelapo anali atatsekera mapasipoti athu tonse m'kabati mwake. Anandiseka, akuti uthawira kuti, kuno ndi nyanja yokhayokha. Nsomba ija anandidula pamalipiro! Miyezi itatu osalandira, mayi kumudzi akudikira ya feteleza. Munthu woipa mtima ameneyo, mpaka lero ndikamukumbukira chakudya sichilowa.

Nasheed ndimamumvera chisoni. Anali mtolankhani, pulezidenti wa nthawiyo Gayoom anamutsekera kangapo, koma mu 2008 anagonjetsa Gayoom yemweyo, munthu amene analamulira zaka 30. Mu 2009 anachititsa msonkhano wa nduna pansi pa nyanja kuti dziko lonse lione kuti zilumba zawo zikumira. Koma kutuma asilikali kukagwira woweruza milandu Abdulla Mohamed kuja analakwitsa, anawapatsa adani ake ndodo yomumenyera. Mu 2015 anamugamula zaka 13 pa nkhani yomweyo, anapulumukira ku Britain, atabwerera n'kukhala sipikala wa nyumba ya malamulo, mu 2021 bomba la pa njinga yamoto linatsala pang'ono kumupha pafupi ndi nyumba yake. Ngati amachita zimenezo kwa munthu amene anali pulezidenti, nanga mlendo wophika?

Komabe mng'ono wanuyo apite, ndalama za kumeneko ine ndinamangira nyumba. Asankhe ntchito ya pa zilumba za alendo, osati mu Malé. Pasipoti asapereke kwa aliyense ngakhale amuopseze bwanji, ndipo akaona gulu la anthu pamsewu abwerere pomwepo.