Nambala ya kumbuyo kwa wotchi isakutengeni mtima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakhala ku Johannesburg. Akuti munthu wina akuwatsatsa wotchi ya Panerai, ya mtundu wa chronograph, ija ili ndi mabatani m'mbali oyambitsira ndi kuimitsa muvi wowerenga masekondi. Kumbuyo kwake kunazokotedwa 412/1000. Wogulitsayo akuti ndi "limited edition", kutanthauza kuti anapanga owerengeka okha, yopangidwa ku Italy, ndipo mtengo wake uzingokwera. Ndiye akufunsa kuti, kodi ndigule, ikhale yoyamba mwa mawotchi amene ndikufuna kusonkhanitsa?

Achimwene, dikirani kaye, ndalamayo isatuluke m'thumba.

Zoti yapangidwa ku Italy ndi zoona theka. Giovanni Panerai anatseguladi shopu yake ku Florence mu 1860, ndipo banjali linkapangira zida asilikali a pamadzi a dzikolo. Koma mu 1997 kampaniyi inagulidwa ndi Vendôme, ya m'gulu la makampani a katundu wapamwamba lotchedwa Richemont, ndipo lero mawotchi ake amapangidwa ku Neuchâtel, ku Switzerland. Bulgari, kampani inanso yotchuka ya ku Italy, nayo ndi chimodzimodzi: inabadwira ku Rome mu 1884, koma mawotchi ake ndi a ku Switzerland. Dzina ndi maonekedwe n'za ku Italy, makina a m'kati ayi. Sichinthu chochititsa manyazi, kungoti wogulitsa amene sakudziwa zimenezi ndimamukayikira pa zina zonse.

Tsono nkhani ya nambalayo, pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Kuyambira 1998, Panerai yakhala ikulemba kumbuyo kwa mawotchi ake chilembo cha chaka, A kuimira 1998, B kuimira 1999, kumapita choncho, kenako nambala ya wotchiyo pa onse a mtunduwo amene apangidwa chaka chimenecho. Ndiye kuti 412/1000 ikhoza kungotanthauza kuti chaka chimenecho anapanga 1,000, chaka chotsatira anapanganso ena ofanana nawo ndendende. Wotchi yotero si yosowa ayi. Funsani nambala ya mtundu wake, ija imayamba ndi PAM, mufufuze ngati inatuluka kamodzi kokha.

Yosowa yeniyeni imakhala ndi mbiri. Mu 1943 Panerai inakonza chronograph yotchedwa Mare Nostrum, chiwotchi cha mamilimita 52, yoti azivala akuluakulu a asilikali pa sitima, koma inathera pa zoyeserera. Mu 1993, kampaniyi itayamba kugulitsa kwa anthu wamba, inatulutsa Mare Nostrum ya mamilimita 42. Osonkhanitsa amazitcha za nthawi imeneyo "Pre-Vendôme", kutanthauza zopangidwa Vendôme isanagule kampaniyi, ndipo amazilimbirana. Mu 2010 kunabwera PAM 300, yotengera ya 1943 ija, mawotchi 99 okha basi. Ine pandekha mtima wanga uli pa ina: chronograph ya kampani ya Zenith yotchedwa CP-2, ya m'zaka za m'ma 1960, imene kampani yogulitsa mawotchi ya A. Cairelli ya ku Rome inaitanitsira asilikali a dziko la Italy, pafupifupi 2,500. Nayonso ndi ya ku Switzerland, koma dzina la Cairelli lili pankhope pake.

Zoti mtengo uzingokwera, zisiyeni. Mawotchi atsopano ambiri amatsika mtengo mukangotuluka nawo m'shopu, kaya pali nambala kaya palibe.

Ngati mtima sukuleka, muuzeni akuonetseni bokosi, khadi la chitsimikizo ndi malisiti a pamene inakonzedwa komaliza, ndipo manambala a pakhadi afanane ndi a pawotchi. Panerai zabodza zachuluka, zina zokongola moti diso lokha silingazindikire. Pitani nayo kwa wokonza mawotchi wodziwa, atsegule kumbuyo, aone makinawo. Dinani mabatani nokha: muvi uziyamba osadumpha, ndipo pobwerera uziima pa 12 penipeni. Mufunsenso wokonzayo mtengo wa sevisi musanalipire, chifukwa chronograph ili ndi tizitsulo tambiri kuposa wotchi wamba, ndipo pakapita zaka zingapo idzafuna kuphwasulidwa ndi kuthiridwa mafuta. Wogulitsa akakana zopita kwa wokonza, mundilemberenso, tikambirane za wotchi ina.